Kodi kwadi ya pulawo ingachotse chipale chofewa pakhomo panga?

Funso: Ndine namwino, ndimakhala kunja pang'ono kwa mzinda wa South Bend ku Indiana. Chaka chino tagula nyumba yathu yoyamba titakhala zaka zisanu m'mafulati, komwe eni ake ndiwo ankachotsa chipale chofewa. Kamsewu kochokera pamsewu waukulu kudzafika pagalaja n'kamiyala ing'onoing'ono, kotalika mamita pafupifupi 70, ndipo chakufupi ndi nyumba kamakwera pang'ono. Amene anatigulitsa nyumbayi anatisiyira njinga yamoto ya matayala anayi ija amati ATV kapena kwadi, Polaris Sportsman 570, n'kutiuza kuti tingoigulira pulawo basi. Amuna anga amayendetsa thiraki, masiku ambiri sakhala pakhomo, ndipo ine ndimayenera kukhala ndafika kuchipatala 7 koloko m'mawa. Kodi kanthu kameneka kangagwiredi ntchitoyi, kapena ndingotaya ndalama? Ndigule chiyani, ndiyambire pati?

Yankho: Achemwali, kwadi imeneyo ingagwire ntchitoyi, ndipo kamsewu ka mamita 70 ndiye muyezo wake weniweni. Ndi fosholo simungakathe musananyamuke, koma si kakatali koti mpaka mufune thirakitala. Ine ndakhala ndikukonza timakina timeneti ndi kukankha chipale m'makomo mwa anthu kuno kumpoto kwa Indiana kwa zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni chimene wogulitsa nyumba uja sanakuuzeni: kwadi ndi yopepuka. Sportsman 570 imalemera makilogalamu 300 ndi kanthu. Mukwerepo inu, mumangirirepo pulawo, simufika ngakhale theka la tani. Mapikiapu amene mumawaona akukankha chipale poimika magalimoto kuchipatala kwanuko amalemera matani atatu kapena kuposa. Choncho chipale chikachuluka, chimene chimayamba kugonja si injini ayi. Injini imakhala ikadali ndi mphamvu zake, koma matayala amangopukusa pamalo amodzi, mutu wa kwadi n'kumapatukira kumbali ngati ng'ombe yokana goli.

Tiyeni tiwerengere limodzi katundu amene mukufuna kusuntha. Titi kamsewu kanu m'lifupi n'kamamita atatu ndi theka. Chikagwa chipale cha mainchesi 6, omwe ndi masentimita 15, ndiye kuti pakamsewupo paunjikana makyubiki mita pafupifupi 37. Chikakhala chouma chija chonga ufa woyera, chouluka ukachiuzira, kulemera kwake ndi matani atatu kapena cha pomwepo, titi matumba 60 a chimanga. Koma chikakhala chonyowa, chimene chimagwa kuzizira kuli pafupi ndi madigiri 0, chija ana amaumbira zidole, mulu womwewo ungafike matani 10 kapena 11, matumba oposa 200. M'maso n'chimodzimodzi, kuyera kwake n'komweko, koma kwadi imadziwa kusiyana kwake pamamita awiri oyambirira.

Mwayi wanu ndi woti chipale chambiri cha ku South Bend n'chopepukacho. Chimachokera kunyanja ya Michigan, imene kukula kwake n'pafupifupi kawiri nyanja yathu ya Malawi. Mphepo yozizira kwambiri ikamaomba kuchokera kumpoto chakumadzulo, imadutsa pamadzi omwe sanaundane, imatola chinyezi, n'kudzachikhutula ikangofika kumtunda. Azanyengo kuno amati lake effect, ndipo ndi chifukwa chake mzindawu umalandira mainchesi oposa 60 pachaka, pomwe Indianapolis, m'boma lomweli, safika ngakhale theka lake. Vuto la chipale chimenechi n'loti chimagwa mothamanga ndiponso mosankha. Kwanu chingamagwe mainchesi awiri pa ola limodzi, mnzanu wa ku Elkhart, mzinda wapafupi pomwepo, akuona nyenyezi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Musadikire kuti chileke kugwa. Chikafika mainchesi anayi, tulukani mukakankhe, ngakhale chikugwabe, ngakhale mukudziwa kuti mubwererakonso. Maulendo awiri a mphindi 20 ndi opepuka kuposa ulendo umodzi wa maola awiri wothera m'ngalande. Kwa inu amene mumalawirira, zikutanthauza kuti azanyengo akalengeza chipale cha usiku, mukankhe kamodzi musanagone, kenako mudzuke cha m'ma 5 koloko mukankhenso. Anthu ambiri amene amandiimbira foni kuti kwadi yawo yakanika amakhala kuti anagona tulo tabwino n'kudzuka chipale chili m'mawondo. Komanso musapondepo ndi galimoto musanakankhe ngati pansi pa kamsewuko panaundana kale, chifukwa mizere ya matayala imatsendereka n'kusanduka ayezi amene pulawo yopepuka imangodumpha pamwamba pake.

Tsopano zogula. Pulawo yake ndi chitsulo chopindika chokhala kutsogolo, ndipo amazigulitsa m'mainchesi: 48, 50, 54, 60. Kwadi yanu m'lifupi ndi mainchesi pafupifupi 48, ndiye ena amaganiza kuti pulawo ya 48 kapena 50 yakwana. Sinakwane. Nthawi zambiri pulawo imayenda itapendekeka kuti chipale chizitsetserekera kumbali, ndipo ikapendekeka njira imene ikulambula imachepa. Ya mainchesi 60 yopendekeka madigiri 30 imalambula mainchesi 52 okha. Ya 50 imalambula 43, kutanthauza kuti matayala anu aziyenda pa chipale chosakankha n'kumachitsendera. Gulani ya 60, kapena ya 54 ngati muli ndi malo opanikizika. Musapitirire 60. Zija za 66 ndi 72 n'za magalimoto aakulu okhala anthu awiri moyandikana, ndipo pa kwadi yanu zingakhale ngati kupatsa mwana khasu la agogo ake. Makampani odziwika ndi Warn, KFI, Moose, Kolpin, ndiponso Polaris yeniyeniyo ili ndi yake yotchedwa Glacier. Zonsezi n'zabwino, sindikusankhirani. Chofunika n'choti chitsulo chomangirira ku kwadi chikhale chopangidwira mtundu wanu ndi chaka chake, choncho popita kogula lembani nambala yapafelemu ndi chaka.

Kamangidwe kake kali pawiri. Ina imamangiriridwa pansi pamimba pa kwadi, mikono yake iwiri n'kudutsa pakati pa matayala akutsogolo. Imeneyi ndi yolimba pokankha chifukwa mphamvu imalowa pakati pa felemu, koma sikwera m'mwamba kwambiri, ndipo poimanga uyenera kugona pansi pozizira kuti ulowetse mapini. Inayo imamangiriridwa kutsogolo, imakwera kwambiri, ndipo kuilumikiza n'kwa mphindi imodzi uli chiimire kapena chogwada. Kwa munthu amene azichita zimenezi yekha mumdima, ine ndingasankhe yakutsogoloyo mosakayika.

Pulawo imakwezedwa ndi winchi, kamota kokoka chingwe kamene kamakhala pamphuno pa kwadi. Yang'anani, mwina yanu ili nayo kale. Ya mphamvu yokoka katundu wolemera mapaundi 2,500 ndi yokwanira kunyamula pulawo, ya 3,500 imathandizanso tsiku limene mwatitimira. Ziliponso zokwezera ndi dzanja, koma pofika ulendo wa 40 phewa limayamba kudandaula. Pali kachinthu kamodzi kamene ogulitsa satchula. Ponyamula pulawo, winchi imagwiritsa ntchito kachigawo kakafupi kakumapeto kwa chingwe, komweko komweko, kakupindika pamalo amodzi kambirimbiri tsiku lililonse. Waya wachitsulo amayamba kuthothoka timinga tobaya m'manja, kenako amaduka, ndipo saduka Loweruka masana ayi, amaduka Lolemba 5 koloko m'mawa. Chotsani chingwe chachitalicho m'nyengo yozizira muikepo kalamba kakafupi kansalu yolimba kamene amagulitsira ntchito yomweyi. Ndipo pokweza, pulawo ikangofika pamwamba chotsani chala pabatani. Winchi ili ndi mphamvu yokoka kwadi yonse, ndiye mukapitiriza kukanikiza imapinda zitsulo kapena kudula lamba.

Batire nalo limavutika. Kwadi imapanga magetsi ochepa, makamaka injini ikamayenda pang'onopang'ono monga imachitira pokankha chipale, pomwe winchi, nyali ndi zotenthetsa m'manja zonse zikuyamwa. Gulani kachaja kakang'ono kosiya kolumikiza usiku wonse, monga Battery Tender, muzikalumikiza nthawi iliyonse mukamaliza. N'kotchipa poyerekeza ndi batire latsopano, ndipo kamathetsa theka la mafoni amene ndimalandira mu Januwale.

Theka linalo ndi lamba wa injini. Mvetsetsani apa, achemwali, chifukwa ndi pamene anthu amataya ndalama zambiri. Kwadi za Honda monga Foreman ndi Rancher zilibe lamba, zimayendera magiya. Koma Polaris yanu imapereka mphamvu kumatayala kudzera pa lamba warabala wopanikizidwa pakati pa mapule awiri. Pa ndodo ya magiya pali H, L, N, R ndi P: H ndi giya yothamangira, L ndi yoyenda pang'onopang'ono koma yamphamvu. Pokankha chipale, giya yanu ndi L nthawi zonse, ngakhale chipalecho chikhale chochepa bwanji. Pa H, liwiro likakhala lochepa katundu ali wolemera, lamba amatsetsereka, amatentha, n'kupsa pamalo amodzi. Mukamva fungo la rabala wopserera, dziwani kuti wayamba kale kupita. Imani kaye ndithu musanasinthe giya, injini itatsika. Batani la AWD, lolumikiza matayala onse anayi, liyatseni musanayambe, osati matayala akumbuyo ali mkati mopukusa, chifukwa kutero kumaphwanya zitsulo zakutsogolo. Pobwerera m'mbuyo mudzaona kuti injini ikudzigwira, sikulola kuthamanga. Sinawonongeke, anaipanga choncho dala.

Liwiro lake ndi mamailosi 5 pa ola, makilomita 8, kuposa pang'ono munthu woyenda ndawala. Pulawo ili ndi masipuling'i awiri kumbuyo kwake, kuti ikagunda mwala kapena chitsa igwade chakutsogolo n'kudumpha. Amateteza makina, koma sateteza nthiti zanu. Kwadi ikaima mwadzidzidzi, thupi limapitirira kukagunda mahandulo. Ine zinandichitikira chaka changa chachiwiri, pa chitsa chimene ndinkachidziwa bwinobwino m'chilimwe, ndipo ndinatha milungu itatu ndikuopa kuseka. Valani chisoti cholimba, chimatenthetsanso kumutu.

Tibwere ku miyala yanu ija, chifukwa kamsewu kamiyala kali ndi malamulo ake. Kumbuyo kwa pulawo kuli tinsapato tiwiri tachitsulo totsetsereka pansi, ndipo timakwezedwa kapena kutsitsidwa posuntha mawashala. Paphula kapena pakonkire, mlomo wa pulawo umatha kukhudza pansi. Pamiyala ayi. Tsitsani tinsapatoto mpaka mlomo ukhale m'mwamba theka la inchi kapena inchi yathunthu. Mukapanda kutero muzikolopa miyala pamodzi ndi chipale, ndipo mu Epulo mudzaipeza yonse ili pakapinga, mudzatha masiku mukuikokera ndi reki, yotsalayo n'kudzaswa mipeni ya makina otchetchera. Chipale choyamba cha chaka, chikakhala cha inchi imodzi kapena ziwiri, musachikankhe n'komwe. Yendanipo ndi galimoto uku ndi uku kuti chitsendereke, chiundane pamodzi ndi miyala. Chimenecho ndicho chimakhala pansi panu polimba nyengo yonse, ndipo chikauma mutha kutsitsako mlomo wa pulawo. Kukafunda masiku angapo pansi n'kufewa, monga zimachitikira kawirikawiri mu Malichi, kwezaninso. Anthu ena amang'amba paipi m'litali n'kuiveka kumlomo wa pulawo kuti izingotsetsereka pamwamba pa miyala. Zimagwira ntchito, ndaziona.

Chifukwa chomwecho, musathire mchere pakamsewu kamiyala. Mchere umasungunula pansi polimba paja, mumatsala ndi matope, usiku n'kuumanso mabampu. Pachitunda chanu chija thirani mchenga, ngakhale phulusa ngati muli ndi mbaula ya nkhuni. Mchengawo muusunge wouma m'ndowa yovundikira m'galaja, chifukwa wonyowa umaundana n'kukhala ngati njerwa. Mchere ndi wa pamasitepe ndi pakhonde, ndipo wamba uja umafooka kuzizira kukatsika kupitirira madigiri 9 pansi pa ziro, omwe ndi 15 pa muyezo wa Fahrenheit. Kukazizira kuposa pamenepo pamafunika mchere wina wotchedwa calcium chloride. Konkire yosakwana chaka musaithire mchere wa mtundu uliwonse, imasupuka.

Koma ntchito yaikulu kuposa zonsezi imagwiridwa chipale chisanagwe, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, nthaka isanaume. Yendani pakhomo panu ndi maso a munthu amene sadzaonanso pansi mpaka Malichi. Gulani timitengo tapulasitiki tonyezimira usiku, mukhome mbali zonse ziwiri za kamsewu, motalikirana masitepe 10 kapena 15, ndi mothithikana pokhota ndi pomwe pali ngalande. Ikaninso chizindikiro pa chilichonse chimene simukufuna kugunda. Nyumba za kunja kwa tauni ngati yanuyo kawirikawiri zimakhala ndi chitsime chakechake, chomwe paipi yake imatulukira pang'ono pabwalo, ndiponso thanki ya zonyansa yokwiriridwa pansi. Pamwamba pa thankiyo ndi pamapaipi ake musayendepo ndi kwadi, musachotsepo chipale, musaunjikepo mulu. Chipale chosapondedwa ndi bulangete la nthaka. Mukachitsendera, kuzizira kumalowa pansi kwambiri, mapaipi n'kuundana.

Kenako sankhani komwe chipale chizipita, ndipo muganizire cha Febuluwale, osati cha mawa. Mulu wa chipale ukagona masiku awiri, dzuwa n'kuwomba pang'ono, usiku n'kuzizira, umauma gwa ngati chulu, ndipo kwadi singausunthenso. Chaka changa choyamba ndinkangokankhira m'mphepete mwenimweni mwa kamsewu, ndikunyadira kuti ndamaliza msanga. Chipale chilichonse chotsatira chinkasowa kolowera, kamsewu kankapanikizika sabata ndi sabata, mpaka pofika pakati pa Febuluwale galimoto inkadutsa ikukhula magalasi mbali zonse. Ndinalipira munthu wa makina aakulu kuti adzagumule zulu zanga zomwe. Paja amati safunsa anadya phula. Choncho chipale choyambirira chikankhireni kutali, mamita awiri kapena atatu kupitirira m'mphepete, pakapinga pomwe pansi pauma, ngakhale aneba azikuonani ngati mukulima bwalo lonse. Mulu waukulu ukhale kumunsi kwa nyumba ndi kwa kamsewu, kuti posungunuka madzi asadutse pakamsewu n'kudzaundana usiku, kapena kulowa m'chipinda chapansi. Ndipo popeza mphepo yathu imakonda kuchokera kumadzulo ndi kumpoto, chipale chambiri chiponyeni mbali ya kum'mawa kapena kum'mwera. Khoma la chipale likakhala kumene mphepo ikuchokera, mphepoyo imadumpha khomalo n'kukhutulira chipale chouluka pakamsewu penipeni, mumadzuka ngati simunakankhe.

Kakankhidwe kake n'kosavuta. Pendeketsani pulawo kuti iziponyera kudzanja lamanja. Yambani pakati pa kamsewu, mutsike mpaka kumsewu, mutembenuke, mubwerere. Popita chipale chimagwera mbali imodzi, pobwera mbali inayo, inu osatsika kukasintha kapendekedwe. Ulendo uliwonse wotsatira muzisendera kunja, koma musadzaze pulawo yonse. Lumani theka kapena kuposa pang'ono, apo ayi chipale chimatayikira kumbali yomwe mwayeretsa kale n'kusiya kamzere. Tsiku la chipale cholemera lumani pang'ono kwambiri. Chikakupezani chakuya, kwezani pulawo mumete chapamwamba kaye, kenako mubwerere chapansi. Pachitunda chanu kankhani motsika, pokwera muzikwera pulawo ili m'mwamba m'njira imene mwatsegula kale, ndipo musadutse chitunda chopingasa, kwadi sichedwa kugudubuzika. Pakhomo pa galaja, fikani pafupi pulawo ili m'mwamba, itsitseni, mubwerere m'mbuyo ikukoka chipale mamita awiri kapena atatu, kenako mutembenuke muchikankhe. Pulawo ya kwadi ndi yopepuka moti pokoka chammbuyo siyeretsa bwino, ndiye kachigawo kotsalako n'ka fosholo basi. Pofika pamulu, chepetsani liwiro n'kumakweza pulawo pang'onopang'ono kuti chipale chikwere pamwamba. Musaugunde mothamanga, ndipo musakwerepo ndi matayala akutsogolo, chifukwa mimba ya kwadi imakhala pachipale, matayala onse anayi n'kumazungulira m'malere. Fosholo izikhala yomangirira pakaliyala nthawi zonse.

Malo ovuta kwambiri ndi pamphambano, pomwe kamsewu kanu kakumana ndi msewu wa boma. Galimoto ya boma yokankha chipale ikadutsa imakusiyirani khoma lolemera, losakanikirana ndi mchere ndi madzi, ndipo mukalisiya maola ochepa limauma ngati simenti. Likankheni likadali lofewa. Pali kanzeru kochepetsa vutoli. Imani pakamsewu kanu mutayang'ana kumsewu. Kuno magalimoto amayenda kumanja, choncho galimoto ya bomayo imatulukira kumanzere kwanu. Mulu wanu uzikhala kudzanja lamanja, kuti ikadutsa izipita nawo kutali m'malo mokubwezerani. Kumanzereko lambulani kadanga m'mphepete mwa msewu, mamita atatu kapena anayi, kuti chipale chimene yanyamula chikhutukire m'menemo isanafike pakhomo panu. Milu yapamphambanoyi isatalike mpaka kukutsekerezani maso potuluka ndi galimoto. Lambulaninso pabokosi la makalata, wamtengatenga akalephera kufikapo ali m'galimoto amangodutsa. Ndipo ife amene tinakulira kumene magalimoto amayenda kumanzere, mutu ukatopa umabwerera kwawo, umayamba kuyang'ana kolakwika. Mumdima, chisoti chili kumutu, injini ikulira, simumva galimoto ikubwera. Imani, yang'anani mbali zonse kawiri, ndipo kanyali kachikasu kothwanima pakaliyala n'kothandiza kwambiri.

Musakankhire chipale mumsewu wa boma kapena kuwolotsa nacho kutsidya. Ku Michigan, komwe ndi mamailosi ochepa kuchokera kwanuko, lamulo la boma lonse limaletsa zimenezi, ndipo mizinda ndi maboma ang'onoang'ono ambiri ku Indiana ali ndi malamulo awo otero. Timizere timene pulawo imasiya powoloka timauma, munthu akachita ngozi mlandu ungakugwereni. Imbaninso ku ofesi ya county, boma laling'ono la dera lanu, mufunse ngati kwadi imaloledwa kuyenda pamsewu wanuwo, chifukwa malamulo ake amasiyana dera ndi dera, ndipo mufunse a inshulansi ya nyumba ngati kwadiyo ili m'ndondomeko yanu.

Za matcheni ndi zolemetsa, yambani ndi zolemetsa. Pulawo imalemera makilogalamu 40 kapena 50 ndipo yonse ili kutsogolo, ndiye ikakwezedwa kumbuyo kumapepuka. Mangirirani thumba limodzi kapena awiri a mchenga pakaliyala wakumbuyo, osapitirira muyezo wolembedwa pamenepo. Mchenga womwewo udzakupulumutsani mukatitimira pa ayezi. Ngati masipuling'i akutsogolo ali ndi makwerero owalimbitsira, akwezeni kuti mphuno isagwe. Mpweya wa m'matayala a kwadi ndi wochepa kwambiri, pakati pa 5 ndi 7 pa muyezo wa mpweya wotchedwa psi, malinga ndi chomata chapagalimotopo, ndipo geji ya galimoto wamba siwerenga bwino pamenepo, pali yakeyake. Mukaona kuti pachitunda mukuterereka ngakhale mwalemetsa, gulani matcheni a matayala akumbuyo. Pamiyala ndi abwino zedi. Paphula ndi pakonkire amakanda, ndiye samalani polowa m'galaja, ndipo muonetsetse kuti sakukhula mapaipi a buleki.

Pali zinthu ziwiri zimene zimapha anthu mwakachetechete, ndipo inu monga namwino mukuzidziwa kuposa ine. Musatenthetse injini m'galaja, ngakhale chitseko chili chotsegula theka. Ilizeni, muitulutse panja, itenthere komweko mphindi zingapo. Chachiwiri, zungulirani nyumba mupeze mapaipi oyera apulasitiki otulukira pakhoma chapansipansi, amene makina otenthetsa m'nyumba amapumira. Amenewo, pamodzi ndi mita ya gasi, asakwiririke ndi chipale, kaya chogwa chokha kaya chokankha inu. Akatsekeka makina amazima, kapena utsi wa carbon monoxide umabwerera m'nyumba. Pamenepo lambulani ndi manja kapena tsache, osati ndi pulawo. Ngati muli ndi ana, asakwere nanu, kwadi imeneyo ndi ya munthu mmodzi ndipo si ya mwana wosakwana zaka 16. Asakumbenso mapanga m'milu imene mukukankhirako, ndipo mukamagwira ntchito akhale m'nyumba, chifukwa theka la nthawi mumakhala mukuyenda chammbuyo.

Chala chimene chidzakuvutitseni ndi chachikulu chakumanja, chifukwa moto wa kwadi amaponda ndi chala chimenecho, ndipo chimakhala payekha kunja kwa zinzake. Zotenthetsa mahandulo ndi kotenthetsa chala si zamanyado, gulani. Pokankha ndi kwadi thupi silitentha ngati pogwira fosholo, mumangokhala pamphepo, ndiye valani mophatikiza kuposa mmene mukuganizira.

Ndisakunamizeni kuti kwadi idzakwanitsa tsiku lililonse. Pa zaka zingapo zilizonse kumabwera chipale cha mainchesi 15 kapena 20 usiku umodzi, kapena chimagwa inu muli pashifiti ya maola 12. Akuluakulu a kuno akamakamba za chimphepo cha Januwale 1978 amachita kutsitsa mawu. Tsiku lotero kwadi imangotsegula kanjira, kenako imasowa koponyera, chifukwa pulawo imakankha, siponya kutali ngati makina aja opemerera chipale. Anthu ena amasankha makina amenewo m'malo mwa pulawo, ndipo pa chipale chakuya amapambanadi, koma ndi ochedwa, umayenda pambuyo pake wapansi mphepo ikukubwezera chipale kumaso, ndipo pamiyala amatha kutola mwala n'kuuponya pawindo. Popeza kwadi muli nayo kale, pulawo ndiyo yanzeru. Koma pezani nambala ya munthu wa pikiapu ya pulawo wa m'dera lanu panopa, mugwirizane mtengo wa ulendo umodzi, mumuonetse pomwe pali chitsime ndi thanki. Tsiku la chimphepo anthu amenewa sayankha nambala zachilendo. Funsani anzanu kutchalitchi kapena pagulu la Amalawi a ku South Bend, sipalephera wina wodziwa munthu wodalirika.

Kasamalidwe kake si kambiri. Nyengo isanayambe sinthani oyilo, muike amene buku la kwadiyo likunena, ndipo muthire mankhwala osungitsa petulo chifukwa petulo wa kuno wosakaniza ndi ethanol sachedwa kuwonongeka akakhalitsa. Mukakankha kawiri katatu koyamba, mangitsaninso mabawuti onse a pulawo, amamasuka. Kumlomo kwa pulawo kuli chitsulo chopyapyala chomangidwa ndi mabawuti, chimene ntchito yake ndi kutha m'malo mwa pulawo. Chikadyeka chitembenuzeni kapena musinthe chisanafike pa pulawo yeniyeniyo. Mukamaliza ntchito gumulani chipale chomatirira kumiyendo yakutsogolo, chifukwa chikaundana chimang'amba timarabala tophimba majointi, ndipo muchotsenso chapa rediyeta. Tsiku la chipale chonyowa, kupopera silicone pankhope ya pulawo kumathandiza kuti chisamatirire. Poimika, itsitseni pansi nthawi zonse, pakathabwa kuti isaundane ndi simenti, ndipo kwadi iloze kunja.

Pulawo ikafika, musadikire chipale kuti muphunzire. Sankhani Loweruka lina amuna anu ali pakhomo, muimange ndi kuimasula nokha katatu iwo akungoyang'ana, mutavala magolovesi omwe mudzavale mu Januwale. Kenako yendani kamsewu konse pulawo ili m'mwamba, muone potembenukira, muyese kubwerera m'mbuyo kuchokera pagalaja mpaka pamene padzakhale mulu, muzolowere batani la winchi mpaka chala chizilipeza chokha. Mukatero bwerezaninso kamodzi kutada, ndi nyali za kwadi zokha, chifukwa nyali zina zimatsekerezedwa ndi pulawo ikakwera, ndipo ngati zanu zili choncho mudzafuna kuwonjezera ina pamwamba pa mahandulo Novembala asanathe.